Chitseko cha a Hutala

A Hutala anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto mpaka imvi zinawadzaza m'mutu. Dzinalo anawapatsa ndi ophunzira awo, chifukwa dzanja lawo silinkachoka pa hutala. Mbuzi ikaima m'mbali mwa msewu, hutala. Mnzawo akadutsa, hutala. Ngakhale msewu ukhale wopanda kanthu ankaimbabe, akuti kuudziwitsa kuti akubwera.

Mwa anthu onse amene anadutsa m'manja mwawo, mmodzi yekha ndi amene anamuweruza kuti ngosaphunzitsika: mkazi wawo. Mayiwo anakatenga laisensi kusukulu ina, ndipo ankayendetsa galimoto ya mchemwali wawo amuna awo akachokapo. Koma a Hutala analumbira pamaso pa alamu awo onse kuti iwo ali moyo, ali m'galimoto, mayi a ana awo sadzagwira chiwongolero.

Atapuma pantchito, ana awo anawagulira matikiti a ndege kuti awiriwo akaoneko dziko lina. Atangotsika, a Hutala anakana basi, anakana takisi, nalunjika ku ofesi yobwereketsa galimoto. Munali kauntala yaitali, duwa lapulasitiki lafumbi, ndi makiyi ali ndandanda pakhoma. Mtsikana wamagalasi amene ankagwira ntchito mmenemo analandira laisensi yawo.

“Bambo, kwanu mumayenda kumanzere, eti? Kuno timayenda kumanja. Chiwongolero nachonso chili mbali inayo. Pa raundabauti muzizungulira motere.” Anajambula m'mwamba ndi chala. “Munthu akangoponda powolokera, muime. Ndipo m'tauni muno hutala sitiimba pokhapokha pali ngozi.”

“Mwanawe,” anatero a Hutala, “ine ndinayamba kuphunzitsa zimenezi mayi ako asanakuganizire n'komwe.”

“Chabwino. Pali wina amene aziyendetsanso?”

“Palibe.”

Mkazi wawo anangotsegula chikwama, n'kuika laisensi yawo pakauntala pafupi ndi duwa lija. Mtsikanayo anailemba. A Hutala anaseka pang'ono.

“Lembani, lembani. Nayonso ione dziko, yatopa ndi kugona m'chikwama.”

Galimoto inali panja, yofiira, yaing'ono ngati sopo. A Hutala anaponya zikwama kumbuyo, napita molimba mtima kuchitseko chakumanja, kumene miyendo yawo inazolowera. Anatsegula. Chiwongolero kunalibe. Anaima atagwira chitsekocho, akuyang'ana mpando ngati wina wawabera. Mkazi wawo anadutsa pansi pa mkono wawo n'kukhala pampandowo, akukonza siketi.

“Zikomo, bambo. Chikwatirane, aka n'koyamba kunditsegulira chitseko.”

“Ndimayesa ngati chikutseguka bwino.”

“Chikutseguka.”

Anazungulira kutsogolo kwa galimoto nalowa mbali yoyenera. Atayatsa injini, dzanja lamanzere linapita kukafuna giya n'kumenya chitseko. Potuluka pageti anafuna kuyatsa indiketa, mawaipa n'kuyamba kuvina pagalasi louma, dzuwa likuswa mtengo.

“Kukugwa mvula, bambo?”

“Ndikupukuta galasi. Dalaivala weniweni amayamba ndi galasi.”

Galasilo analipukuta pa mphambano iliyonse m'tauni monse.

Chimene chinawapweteka kwambiri ndi anthu oyenda pansi. Kwawo munthu akafuna kuwoloka amayamba wayang'ana dalaivala kumaso, n'kuthamanga ngati wapalamula. Kuno nkhalamba ina yokoka kagalu inangoponda mizere yoyera osatembenuka n'komwe. A Hutala anaponda buleki mpaka chipewa chinawagwera m'maso, kenako anakanikiza hutala ndi chikhatho chonse. Msewu wonse unatembenuka. Anthu amene ankamwa tiyi panja pa sitolo anaika makapu pansi. Nkhalambayo inaima pakati penipeni pa msewu, inawayang'ana, inayang'ana kagalu kake, n'kupitiriza ulendo pang'onopang'ono kuposa poyamba.

“Anthu opanda mwambo,” anatero a Hutala. “Dziko lonseli palibe amene anaphunzitsidwa bwino.”

“Onse akulakwitsa mbali, bambo. Ndinu nokha mukudziwa.”

A Hutala anagwedeza mutu kuvomereza, kenako anawayang'ana mkazi wawo cham'mbali. Mayiwo anali akuonera nyumba.

Anaima pamalo othirira mafuta kuti agule madzi. Pobwerera, miyendo inawatengeranso kuchitseko chakumanja. Anatsegula, mkazi wawo n'kulowa. Amayi awiri amene ankadikira basi pafupi anagwirana mikono akumwetulira, mmodzi mpaka anaika dzanja pamtima. A Hutala anawaweramira pang'ono, poti nanga akanatani, natseka chitsekocho mwaulemu.

“Mukazolowera, kwathu muzikachitanso,” anatero mayiwo.

“Imwani madzi.”

Kunja kwa tauni kunali raundabauti yaikulu, pakati pake pali maluwa ndi chiboliboli cha munthu wokwera hatchi. Msewu wolowera unali wopanda galimoto ina yoti aitsatire, ndipo manja a a Hutala anachita zimene anakhala akuchita moyo wawo wonse. Anakhotera kumanzere.

“Bambo, mtsikana uja anajambula chala chikupita uku.”

“Mtsikana uja sanayendetsepo ngakhale wilibala.”

Atazungulira kuseri kwa hatchi ija anakumana maso ndi maso ndi basi. Mabuleki analira. Basi inaima, galimoto yofiira inaima, pakati pawo malo ongokwana munthu kudutsa cham'mbali. Anthu a m'basi anadzaza pamawindo. Dalaivala wa basiyo sanatukwane, sanaimbe hutala. Anangopinda manja pachiwongolero n'kumawayang'ana, ndipo zimenezo zinawawawa a Hutala kuposa kutukwanidwa. Mawaipa anali akupukutabe galasi.

Wapolisi wamkazi anafika panjinga yamoto, naimitsa magalimoto onse, n'kuwalondolera chobwerera m'mbuyo mpaka m'mbali mwa msewu. Anawauza kuti atsike onse awiri. A Hutala anatsika, makiyi n'kuwasiya momwemo.

“Ndinu alendo?”

“Ndine mphunzitsi wa madalaivala,” anatero a Hutala, akupereka laisensi ndi manja awiri.

“Ndiye mukudziwa chimene mwachita.”

“Raundabauti yanuyi inamangidwa mozondoka.”

Wapolisiyo anayang'ana laisensi, anayang'ana imvi zawo, anayang'ananso mayi amene anaima phee atagwira chikwama. Anapumira m'mwamba.

“Lero ndingokuchenjezani, poti palibe wavulala. Koma ndikakuonaninso mukuyenda mbali imeneyo, galimotoyi ibwerera kwa eni ake, inu muziona dziko lathu pawindo la basi. Kumanja, bambo. Kumanja.”

A Hutala analandira laisensi yawo mtima uli m'malo. Chiwongolero chinali chidakali chawo. Anakonza chipewa, anakweza mapewa kuti anthu a m'basi aone kuti nkhani yatha bwino, nayenda mwachifumu kupita kugalimoto. Anatsegula chitseko, anakhala pansi, anamanga lamba, natambasula manja onse awiri kutsogolo.

Manjawo anagwira mphepo.

Kumanzere kwawo chitseko chinatsekedwa. Mkazi wawo anali atakhala kale, akusendeza mpando kutsogolo, akukonza galasi loonera kumbuyo.

“Mayi, tsikani.”

“Mwakhala nokha, bambo. Ine sindinakukankheni.”

A Hutala anagwira lamba kuti amasule, koma wapolisi uja anali atafika pawindo lawo. Nkhope yake inali itasintha, tsopano ankawayang'ana mwaulemu.

“Mwachita chinthu chanzeru, bambo. Amuna ambiri amene ndimawaimitsa pano amalolera kufa kusiyana ndi kupereka makiyi kwa akazi awo. Zikuoneka kuti ndinudi mphunzitsi.”

Anawachitira sailuti. A Hutala anayang'ana wapolisiyo, anayang'ana basi imene inali isanachoke, mawindo ali odzaza ndi maso. Dzanja lawo linachoka pa lamba pang'onopang'ono.

“Ndimafuna ndimuone ngati akukumbukira zimene ndinamuphunzitsa,” anatero.

Galimoto inanyamuka bwinobwino, inalowa mu raundabauti chakumanja, n'kuzungulira hatchi ija ngati yabadwira komweko. Phazi la a Hutala linkaponda pansi kufuna buleki imene kunalibe. Chikhatho chinkayabwa, koma patsogolo pawo panali kabokosi kosungiramo mapepala basi.

“Alamu anga asamve zimenezi,” anatero a Hutala patapita nthawi.

“Ndawatumizira kale chithunzi chimene ndinajambula pamene munali ndi wapolisi. Akuti mwanenepa.”

Patsogolo panali mphambano. Mayiwo anachepetsa liwiro, natambasula chala kuti ayatse indiketa. Mawaipa anayamba kuvina pagalasi louma. A Hutala anatembenuka thupi lonse, maso akuwala, pakamwa patatseguka kale.

“Ndikupukuta galasi, bambo,” anatero mayiwo, maso ali pamsewu. “Dalaivala weniweni amayamba ndi galasi.”