Fungo la Jekete

Atapisa dzanja m'chikwama n'kupeza pulasitiki yokha ili pululu, mayiyo anadziwa amene wachita. Jekete la malemu mwana wake, lija ankalimanga ndindindi kuti fungo lake lisathawe, munalibe.

"Abambo, jekete lili kuti?"

Mwamuna wake anakhala pakhomo pa tenti n'kumayang'ana nsapato zake. Munthu ameneyu ukamufunsa zovuta amawerenga nsapato ngati nyuzipepala.

"Ndakalisiya kunyumba ija," anatero.

Mayo ine! Nyumba ija! Pa chikondwerero cha zaluso cha m'chipululumu amamanga nyumba yaitali ya matabwa, aliyense n'kusiyamo kanthu ka wakufa wake, ndipo tsiku lotsiriza amaiotcha yonse. Mwana wawo anali wowotcherera zitsulo, sankaphonya kubwera kuno, ndiye atamwalira anzake anaitana makolo kuti adzaone kumene ankasangalala. Tsiku lotsirizalo linali lomwelo.

Mayiyo analiyatsa liwiro osavala n'komwe nsapato. Mchenga unkawotcha mapazi, fumbi likulowa m'kamwa. Anadutsa nsomba yachitsulo yaikulu ngati basi, anawombana ndi munthu wovala mapiko ali panjinga, pepani wake osamumva. Mumtima munali chimodzi basi: likapsa jekete lija, mwana wafa kawiri. Zithunzi anali nazo, koma chithunzi sichinunkha thukuta.

Nyumbayo anaipeza atazunguliza chingwe. Pachingwe panaima mtsikana wodzikulunga nsalu kumaso.

"Pepani amayi, tatseka. Athira kale palafini. Cholowa muno sichitulukanso."

"Mwanawe, ndagwira mwendo wako. Si ine ndaikamo. Andibera."

"Lamulo si langa, amayi."

Mayiyo anagwada pamchenga wotenthawo. Iye amene sanagwadirepo ngakhale apongozi! Manyazi analibenso, ndipo analira mokuwa mpaka anthu anayamba kucheuka. Mkulu wa omanga, wandevu zoyera ndi fumbi, anabwera n'kumuyang'anitsitsa.

"Si mayi ake a wowotcherera wathu awa?" Anakweza chingwe. "Lowani, koma changu. Musakhudze nyali iliyonse."

M'katimo mpweya unali wolemera. Pamakoma panali zithunzi, ndodo za okalamba, tinsapato ta makanda, lamba wa galu. Ndipo majekete! Kodi anthu onsewa anaferedwa ana ovala majekete? Anawatembenuza limodzilimodzi, akupepesa kwa eni ake osawadziwa. Kunja wina anakuwa kuti afulumire. Analipeza kuseri kwa mzati. Analidziwira batani lofiira limene anasokerera yekha, tsiku limene mwana anamuseka kuti akumuveka ngati wa sukulu ya mkaka.

Linali lonyowa. Analikanikiza kumphuno, pakolala, m'khwapa, m'matumba. Palafini yekhayekha.

Anatuluka nalo pang'onopang'ono. Mwamuna wake anali atafika pachingwe, ali wefuwefu, atanyamula nsapato za mkazi wake. Mayiyo anamukwapula nalo jeketelo pachifuwa, kawiri, katatu.

"Mwandiphera mwana! Ine ndinalisunga bwinobwino, inu n'kukalipereka kwa anthu a palafini! Munali ndani inu? Munamubereka ndinu?"

Bamboyo sanatchinge. Anadikira mpaka mkono wa mkazi wake utatopa.

"Fungo linatha kale, amayi," anatero motsitsa. "Linatha chaka chatha, mvula isanagwe."

"Mukudziwa chiyani inu? Munalikhudzapo?"

"Mukapita kumsika ndimamasula pulasitiki ija. Ndimanunkhiza pakolala, pamene mumanunkhiza inu. Kenako ndimamanganso mmene mumamangira." Analoza jeketelo. "Mulibe kanthu. Ndatopa kumusaka mmenemo, ndatopanso kukuonani inu mukumusaka."

Mayiyo anaweramitsa mutu. Ankadziwa. Kwa miyezi yambiri ankangonunkhiza pulasitiki ndi sopo wa m'manja mwake, n'kumadzinamiza. Chimene sankadziwa n'chakuti bambo wosalira pamaliro uja, amene iye anamusungira chakukhosi nthawi yonseyi, ankalira yekha kuchipinda iye akusankha tomato.

Mkulu wa omanga anakhosomola. "Amayi, tiyatse. Mulitenga, kapena libwerere?"

Mayiyo analikumbatira jeketelo, palafini akumunyowetsa bulauzi. Anatembenukira mwamuna wake.

"Ndiye tandiuzani inu. Ankanunkha bwanji? Ine ndaiwala."

Bamboyo anayesa kukumbukira, anayesanso.

"Inenso, amayi."