Yankho la Aphungu

Chimene chinkamuwawa Anastazia n'chakuti mlandu wa mwana wake unkakambidwa ngati wa mbuzi yolowa m'munda. Felista, mtsikana wa Sitandade 7, anagwiriridwa ndi Ackim wa pachigayo pochokera kokumba mbatata. A Alufeo, alongo ake a Anastazia, amenenso anali eni mbumba, anaudula mwachidule: Ackim amukwatire, manyazi athe. Zakupolisi anakana, poti Ackimyo anali mng'ono wa tcheyamani wa Chipani.

"Aphungu akanena kuti lamulo likuletsa, ndisintha," anatero a Alufeo, akudziwa bwino kuti masiku amenewo phungu sankafunsidwa mafunso.

Koma amayi ali ndi khomo lawolawo. Aphungu atabwera kudzachititsa msonkhano ku Linthipe, wotsogolera nyimbo anali Anastazia. Chimtali chitafika pakolasi, anasiya mawu otamanda n'kuikapo ake: kodi wogwirira mwana, lamulo limamupatsa ndende kapena mwanayo? Anzake anavomera, poyamba chapansipansi, kenako mokweza.

Aphungu anamva, makutu anali nawo. Anatsika pansanja akumwetulira, n'kumusupa ngati wangowasangalatsa. Anastazia anagwada, manja ali kumbuyo.

"Bwana, ndafunsatu."

"Mayi, mumaimba bwino. Nkhani zoterezi tikuziona. Zikapsa mudzamva."

"Ukwati wake ndi Loweruka, bwana."

"Ukwati ndi chinthu chabwino," anatero aphungu, n'kutembenukira ku nkhani ya feteleza.

Anthu anaomba m'manja. Nayenso Anastazia anaomba, chifukwa achinyamata a Chipani ankayang'ana manja a aliyense. Mumtima munali ukali wokhawokha. Munthu amene ankati amakhala kumene amapanga malamulo anaopa kutchula ngakhale limodzi.

"Mwadzimvera nokha," anatero a Alufeo pobwerera. "Sanaletse."

Lachisanu, Felista anakwera lole ya kabichi kupita kwa mayi ake aang'ono, a Dorika, anamwino a ku Lilongwe. Loweruka ankhoswe anafika, tcheyamani ali patsogolo, ndipo anapeza Anastazia akusola nyemba pakhonde.

"Mwana ali kuti?" anafunsa a Alufeo.

"Nkhani imeneyo tikuiona. Zikapsa mudzamva."

"Mlongo, limenelo ndi yankho?"

Anastazia anatembenukira kwa tcheyamani mwaulemu wonse. "A tcheyamani, achimwene akufunsa ngati mawu a aphungu ali yankho. Ayankheni ndinu."

Tcheyamani anayang'ana nsapato zake. A Alufeo anatsokomola chifuwa chimene analibe. Kunena kuti si yankho kunali kunyoza aphungu pagulu, ndipo onyoza ankapita osatsanzika. Ankhoswe anadzuka mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira ntchito imene anaisiya kudimba.

Anastazia analowa m'nyumba, napinda mphasa ya Felista, n'kulira. Ukwati anaulepheretsa ndithu, koma wochoka m'mudzi anali mwana wake. Kutsidya kwa msewu, chigayo cha Ackim chinkalira monga mwa masiku onse.