Amayi a Sukulu ya Kwacha Andifunsa Kutulo

Ndinayamba kudandaula mvula yoyamba isanagwe, ndipo makope a makalata anga anayi ndikusunga, onse odindidwa ku ofesi kwanu. Tsopano anthu akukolola, koma buku la kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri, lokhudza sukulu za kwacha, likadali kwa inu Adokotala, ondiyang'anira, osawerengedwa.

Dzulo masana ndinasinza pampando. Ndinalota ndili m'holo ya yunivesite nditavala mkanjo wa omaliza maphunziro, wolemera ngati bulangete lonyowa, kumapazi kulibe nsapato. Patebulo la oyesa mayeso panakhala amayi amene ndinawafunsa mafunso kumudzi, aliyense choko m'manja. Mayi Nachisale, amene tinawaika m'manda mwezi watha, anandiitana.

"Aphunzitsi, munalonjeza kudzatiwerengera mawu athu aja. Ali kuti? Ine ndiye ndinatopa n'kudikira."

Ndinatsegula fayilo yanga. Mapepala onse anali masamba a nkhwani, ofunda, oyabwa m'manja. Inu munali pansi pa tebulo mukudya mzimbe. Nditakupatsani cholembera kuti musaine munakana, n'kundidinda chala pamphumi. Inki inayenderera mpaka m'kamwa, yowawa ngati kwinini, amayi aja akuwomba m'manja osaseka.

Pamenepo ndinadzuka. Kaya ndi mizimu, kaya ndi ukalamba, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwa amayiwo atsala asanu, ndipo onse ndi aakulu kuposa ine.

Choncho, Adokotala, ndikupempha mwaulemu kuti mundiyankhe polemba, mundiuze tsiku limene bukulo mudzandibwezere, ndikawawerengere akadali ndi moyo. Kalata ino ndi yachisanu, ndipo kope lake ndasunga.