Dengu la Fainess Silinafike pa Sikelo

Mvula itayamba kuwaza, a Winston, kapitawo wa gulu lothyola tiyi, anaimba wenzulo kuti aliyense apite ku sikelo. Anthu anatuluka m'mizere, madengu ali kumsana. Queen anaima pamzere n'kumaunguza uku ndi uku. Mng'ono wake Fainess panalibe.

Anafunsa amene ankathyola naye pafupi. Wina anati anamuona kumunsi, chakungalande. Wina anati mwina wagonanso, paja mtsikana ameneyu tulo ndiye ntchito yake. Gulu lonse linaseka, koma Queen sanaseke nawo.

Fainess anali ndi matenda akugwa kuyambira ali mwana, koma pa esiteti ponse amene ankadziwa ndi Queen yekha. Ngakhale Crispin, mwamuna wa Fainess wogwira ntchito ku fakitale yemwe anangokwatirana naye chaka chomwecho, sankadziwa kanthu. Mapiritsi ake a fenobabitoni ankakatenga kuchipatala chakutali, kuzemba cha pa esiteti kuti nkhani ingafike kwa mabwana. Kumeneko anamuuza kuti azimwa pogona chifukwa amagonetsa. Nanga m'kanyumba ka kumalaini a antchito, ka chipinda chimodzi, ungamwe bwanji mwamuna osakuona? Ndiye iye ankamwera panjira m'mawa, n'kumasinza tsiku lonse m'munda, dengu osadzaza. A Winston atamuopseza kuti nyengo yamawa sadzamulembanso, Fainess anangosiya kumwa. Queen anazitulukira dzulo lake, anakalipa mpaka mawu kusasa, koma mng'ono wakeyo anati papita nthawi osagwa, ndiye kuti anachira.

Tsono tiyi ndi woipa pamenepa. Amalekeza m'chiuno, n'kugwirana pamwamba ngati tebulo. Munthu akagwa masamba amatsekanso, osaoneka ndi phazi lomwe. Ndipo ndi mvula imeneyo, ngalande za kumunsi zinali zitayamba kudzaza.

Queen anatula dengu n'kupita kwa a Winston kukapempha anthu oti amuthandize kufunafuna. Iwo sanatukule n'komwe maso pa sikelo. Anati thirakitala ikudikira, masamba akatentha m'matumba wokalipiridwa ndi iwo, ndipo munthu waulesi safunidwa, amabwera yekha njala ikamuwawa.

Queen anayang'ana munda. Unali waukulu zedi, yekha akanafunafuna mpaka dzuwa kulowa. Anakumbukira momwe Fainess anamulumbiritsira kuti asadzauze munthu, poti ntchito ithera pomwepo, banja nalonso.

"Akapitawo," anatero, "Fainess amagwa. Ali ndi khunyu. Ngati wagwera m'ngalande, tikamupeza atafa."

Amayi awiri anasuntha pang'ono kumutalikira Queen, ngati matendawo ali pa chitenje chake. A Winston anamuyang'ana, kenako anakoleka sikelo n'kulamula kuti aliyense atenge mzere wake monga amachitira pothyola, atsetsereke akuvundukula masamba.

Anatsika akuitana dzina la Fainess, mvula ikuwapanda kumaso. Ali pafupi kufika pansi, bambo wina anaona masamba othyola atamwazika pamwamba pa tiyi, ndipo anaima.

Fainess anali chigonere m'mphepete mwa ngalande, dengu litamupsinja, madzi akumugunda tsaya. Kukamwa kunali thovu. Anthu anazungulira koma chapatali, poopa kuti thovu likawakhudza nawonso ayamba kugwa. Mayi wina anatambasula dzanja kupereka supuni yoti amuike mkamwa. Queen anaikankhira kumbali, namasula dengulo, n'kupempha woti agwire miyendo. Palibe anasuntha. Zinamuwawa Queen, anthu omwe ankagawana nawo mchere tsiku ndi tsiku! Mapeto ake a Winston analumphira okha m'matopemo. Anamukokera pamtunda, Queen n'kumugoneka chammbali. Ankapuma.

Atatsitsimuka anayang'ana miyendo ya anthu yomuzungulira.

"Achemwali, aona?"

"Aona onse. Ndanena ndine."

Fainess anabisa nkhope m'chitenje n'kuyamba kulira, kulira kwa manyazi.

Anamukweza pa thirakitala pamodzi ndi masamba, ulendo kuchipatala cha pa esiteti chomwe ankachizembacho. Kumeneko anamuuza mosapita m'mbali kuti mankhwala amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo azimwa pogona, osati m'mawa. A Winston za ntchito sananene zambiri, anangoti akapeza bwino mzere wake uzikhala woyandikana ndi wa Queen, kutali ndi ngalande.

Chotsala chinali Crispin. Nkhani pa esiteti sichedwa, ku fakitale inali itafika kale. Madzulo analowa m'nyumba osapereka moni. Fainess anali pamphasa, maso ali pansi. Queen anali ataika kapepala ka mapiritsi patebulo, dala. Crispin anakatola, nakatembenuza, nakatembenuzanso. Nkhope inali itakwinyika, mkwiyo wosachita kufunsa.

"Alamu, amamwa nthawi yanji?"

"Pogona."

Crispin anasuntha wailesi pawindo n'kuika mapiritsiwo pamenepo, poonekera kwa aliyense wolowa.

"Azikhala apa," anatero.

Kenako anatuluka, nakakhala pakhonde atafulatira chitseko. Pamene Queen ankatsazika anali akadali pomwepo, koma njinga yake anali atailowetsa m'nyumba ngati munthu wosapita kwina.