Hita ya Aamishi

Darlene anali kukulunga makapu a malemu bambo awo m'nyuzipepala pamene mng'ono wake Verna ananena, ngati nkhani yachabe, kuti bambo anati hita ija idzakhala ya Vernayo.

Darlene zinamuwawa, ndipo sanabise. Zaka zonsezi iye ndiye ankawaphikira bambo, kuwachapira, kuchotsa chipale chofewa ndi fosholo pakhomo pawo. Verna anakwatiwa kutali ku Toledo, ntchito yake inali kuimba foni Lamulungu basi. Koma mwana wokhala kutali sapsereza ndiwo, n'chifukwa chake amakoma.

Hitayo inali pambali pa mpando wa bambo: bokosi la thabwa lopala bwino, kutsogolo kuli galasi loonetsa moto wabodza. Bambowo anaigula ataiona pa TV, pomwe azibambo a mpingo wa Aamishi, andevu, ovala zipewa zaudzu, ankakhoma timisomali uku akumwetulira.

"Tenga, mayi, n'chinyengo chokhachokha," anatero Darlene. "Aamishi alibe magetsi m'nyumba zawo, ndiye apange bwanji hita ya magetsi? Tembenuza uone, kumbuyoko alemba China. Ndevu zija mwina n'zomata."

Verna anayankha kuti ngati n'chinyengo, achemwali akupseranji mtima. Darlene anati sakupsa mtima, akungodabwa kuti bambo, munthu wobadwira mwa Aamishi momwemo, anapusitsidwa ngati mlendo. Zoonadi bambowo, a Menno Raber, anachoka kwawo ali mnyamata kuti akwatire mayi wa atsikanawa, amene sanali wa Aamishi, ndipo kuyambira pamenepo abale awo sanadye nawonso patebulo limodzi.

"Itengeni inuyo, achemwali, ngati ndi zimenezo."

Darlene sanadikire kuuzidwa kawiri. Anagwada n'kuikoka kuichotsa kukhoma kuti aizule pa soketi. Panalibe chozula. Chingwe chinali chipindire kumbuyo, chomangidwa ndi kawaya komwe chinabwera nako.

"Sanaiyatsepo," anatero Verna motsitsa mawu. "Ankadziwa kuti zam'katimo n'zakunja. Iwo ankafuna bokosilo. Ankati kalumikizidwe ka matabwawo ndi mmene agogo ankawaphunzitsira iwo ndi achimwene awo, ndiye mwina wina wa kwawo analigwirapo."

"Anakuuza liti?"

"Pa foni. Kawirikawiri."

Apa ndiye nsanje inamulowa Darlene mpaka m'mafupa. Tsiku ndi tsiku ankadutsa pa hita imeneyi atanyamula mbale ya bambo, n'kumainyoza kuti ndi ya anthu ogona, bambo n'kumangoseka naye. Kusekako anapatsa iye, zamumtima anapatsa wa ku Toledo.

Verna anatuluka kukatsegula buti ya galimoto yake. Darlene anatsala chigwadire. Pakona ya pamwamba, mbali ya kumpando, vanishi anali atatha, thabwa litayera malo okwana chikhato chimodzi. Anaikapo dzanja lake. Malowo anali aakulu kuposa dzanja lake, ndipo anali ozizira.