Hedi ya Chaka cha 1972

"Siikulowa," anatero makaniko.

Anainyamulanso hediyo n'kuitsitsa pang'onopang'ono pamwamba pa silinda. Mabawuti awiri akutsogolo analowa m'mabowo mwake bwinobwino. Awiri akumbuyo anagunda chitsulo. Linali Lachiwiri, pa 14 Meyi 2019, ndipo ndinali nditapempha theka la tsiku kuntchito kuti ndibwere ku galaja kudzamva njinga yamoto ya bambo anga ikulira.

"Yesaninso," ndinatero.

"Achemwali, kameneka n'kachitatu. Mukufuna ndiigwadire?"

Hedi ndi chivundikiro cholemera chokhala pamwamba pa injini, momwe mumakhala mavalavu ndi pulagi. Ya bambo inang'aluka mu 2016, ndipo njingayo inangokhala kukhonde lakuseri itafundidwa lona. Pa 11 Febuluwale 2019 bambo anadwala sitiroko. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, mawu anawatsalira owerengeka. Dokotala ananditengera pambali n'kundiuza kuti mtimanso watopa, ndisawerengere chaka. Sabata yomwe tinatuluka m'chipatala, bambo anandikoka malaya ndi dzanja lamoyolo.

"Njinga," anatero. "Ndiimve."

Sanapemphe china chilichonse.

Ine ndimagwira ntchito yosunga mafayilo, ndipo zaka zisanu ndi ziwiri za ntchito imeneyi zinandiphunzitsa kukhulupirira pepala kuposa pakamwa pa munthu. Mapepala a njinga ankanena kuti ndi ya 1969. Choncho ndinasaka hedi ya 1969. Ndinayenda m'magalaja khumi ndi anayi ndi malo asanu ogulitsa zitsulo zakale. Ena ankandiseka, ena ankandilozera kwa anzawo omwe anamwalira kalekale. Pa 9 Meyi ndinaipeza mu diramu la zitsulo kuseri kwa nyumba ya munthu wina wokonza mapampu a madzi. Inali ya 1969 ndithu, nambala yake ikuoneka.

Makaniko anatenga choyezera, nayeza mabawuti a pa silinda, nayezanso mabowo a hedi.

"Akusiyana ndi mamilimita anayi," anatero.

"Si ambiri."

"Pa nsalu si ambiri."

Kenako anatola hedi yakale yong'aluka ija pansi pa tebulo, naipukuta ndi sanza yonyowa petulo, n'kuiika pakuwala. Mabowo awiri akutsogolo anali ozungulira. Akumbuyo anali otalikirako, ngati dzira.

"Awa anawapala ndi tupa kuti alowe mokakamiza. Onani pomwe mng'alu wayambira."

Unayambira pa bowo lopalalo. Makaniko anagwada, nakanda girizi wouma pansi pa silinda ndi kawaya mpaka manambala anaonekera. Ndinawawerenga kawiri, pepala lili m'manja. Sanafanane.

"Injini iyi si ya njinga iyi," anatero. "Iyi ndi ya 1972. Chaka chimenecho anasuntha mabawuti akumbuyo. Abambo anu anaiveka chipewa cha wina."

"Ndiye palani iyinso."

"Iyi yadyeka kale m'mbalimu. Ndikaipala, tupa atulukira pa gasiketi yotseka mpweya pakati pa hedi ndi silinda. Ilira mphindi imodzi n'kulavula moto." Anapukuta manja. "Kafunseni eni ake komwe anaitenga injiniyi. Komweko n'kumene kunatsala mutu wake."

Masana omwewo ndinakhala pambali pa bedi la bambo n'kuwawerengera manambala awiri aja, ya pa pepala ndi ya pa chitsulo. Anatseka maso nthawi yaitali moti ndinayesa agona.

"Hedi," anatero pomaliza, "ili kwa achimwene."

Bambo aakulu ndinkangowadziwa kumaso. Ndinawaona komaliza mu 2004 pa maliro a amayi, ataima kumbuyo kwa anthu onse, ndipo anachoka osapereka moni kwa mng'ono wawo. Kunyumba kwathu nkhani yawo sinkakambidwa, ndipo ine sindinafunsepo.

Ndinakwera basi Loweruka, pa 18 Meyi, ulendo wa maola atatu. Ndinawapeza m'kachipinda kakutsogolo kwa nyumba yawo, momwe ankakonzera makina osokera. Anali ndi zaka 79. Mphuno, makutu, ngakhale kapendekedwe ka mutu, zonse zinali za bambo anga. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wamwalira?"

"Ayi, bambo. Koma sali bwino."

"Khala pansi. Chotsa makinawo pampandopo, usagwire singano."

Ndinafotokoza zonse motsatana, kuyambira pa 11 Febuluwale. Nditafika pa mamilimita anayi, anaseka kamodzi kokha, kuseka kopanda mano.

"Ndiye inapirira mpaka 2016? Anapala bwino, mbava ija."

Anaona pankhope panga kuti sindikudziwa chimene akunena.

"Sanakuuze, eti? Mvera. Mu Ogasiti 1988 ndinatsegula injini ya njinga yanga kuti ndikonze mavalavu. Hedi ndinalowa nayo m'nyumba. Patangopita masiku awiri anandigoneka m'chipatala ndi chifuwa chachikulu. Miyezi isanu. Nditatuluka ndinapeza njinga yanga itatsamira khoma, pamimba pali bowo. Injini yapita."

"Injini ya bambo anga inali itafa?"

"Inali itafa. Amayi ako anali ndi mimba ya iweyo, chipatala chili kutali, kuntchito nakonso kutali. Zonsezo ndikuzidziwa, usavutike kumuikira kumbuyo." Anavula magalasi. "Anabwera kudzandiona kasanu ndi kawiri m'chipatala muja. Amandibweretsera malalanje. Amandisendera yekha. Kasanu ndi kawiri, osatchula kanthu. Akanangoti, achimwene, ndibwerekeni, ndikanamuuza kuti hedi ili pansi pa bedi, katenge. Iye anasankha tupa."

"Nanga mutatuluka?"

"Ndinadikira kuti ayambe ndi iye. Iyenso kaya amadikira chiyani."

Anadzuka movutikira, nalowa kuchipinda. Ndinamva sutikesi yachitsulo ikukhukhuluzidwa pa simenti. Anabwera atakumbatira chinthu chokulungidwa m'thumba lakale la pilo, lakuda bii ndi oyilo, nachiika pa tebulo pakati pa tizitsulo ta makina. Hediyo inalibe dzimbiri ngakhale kadontho. Mabowo ake onse anayi anali ozungulira.

"Ogasiti aliyense ndimaipaka oyilo," anatero.

"Chifukwa chiyani?"

"Nanga inalakwa ndi iyo?"

Anandiuza kuti makaniko amange mabawuti mopingasa, pang'onopang'ono, asamalize limodzi asanakhudze anzake. Anati injiniyo siikonda kuumirizidwa, imadzuka ukaponda kiki yoilizira kachitatu. Ndinalemba zonse m'kabuku. Nditamanga katunduyo m'chikwama, ndinaima pakhomo.

"Bambo, tiyeni tipitire limodzi. Basi yobwerera inyamuka 2 koloko."

Anatola magalasi awo, osawavala.

"Wanena kuti ndibwere?"

Funso limeneli ndalibwereza m'mutu kambirimbiri. Ndinali ndi mpata wokwanira. Koma ndinaganiza za mawu enieni amene bambo ananena Lachiwiri lija, ndipo ndinayankha monga momwe ndimayankhira munthu akafunsa zimene zili mu fayilo.

"Sananene."

"Ndiye tenga chimene wabwerera, mwana wanga." Anavalanso magalasi, nakokera makina pafupi. "Basi ingakusiye."

Hediyo inakhala pa silinda Lolemba, osagunda paliponse. Makaniko anaitsitsa kamodzi, inangoti khaa. Gasiketi yatsopano inatidikiritsa masiku awiri. Lachinayi, pa 23 Meyi, cha m'ma 3 koloko masana, anaikankha njingayo kuchokera ku galaja mpaka pansi pa zenera la bambo. Tinagwirizana kuti ailize mphindi zisanu. Ine ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula zenera, n'kuwakweza bambo pa mapilo awiri.

Kiki yoyamba, zii. Yachiwiri, inatsokomola. Yachitatu inadzuka.

Ndinakulira pa njinga imeneyo, ndinkaidziwa ikadali kutali pa msewu. Koma kulira uku sikunali kumene ndinkakudziwa. Kalelo inkalira mopyapyala, ndi kamluzu kothawa m'mbali. Tsopano inkagunda pansipansi, mosafulumira, magalasi a zenera n'kumanjenjemera.

Bambo anatsegula maso. Anapendeketsa mutu, namvetsera. Mbali yamoyo ya nkhope yawo inayamba kugwedezeka. Sanayang'ane kuzenera komwe kunali njinga. Anayang'ana kukhomo.

"Achimwene," anatero. "Ndi yawo imeneyo. Afika."

Chiyambire Febuluwale anali asananenepo mawu ochuluka chotero pa mpweya umodzi. Anayamba kulimbana ndi batani la malaya lakukhosi, dzanja limodzi, likuwapulumuka. Ndinawamangira.

"Mpando," anatero. "Bweretsa mpando."

Ndinakatenga mpando wa pa tebulo lodyera n'kuuika pambali pa bedi. Anandilozera kuti ndiusendeze kufupi, mbali ya dzanja lamoyo.

"Ali kuti?"

"Akuimika njinga," ndinatero.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinaimbira foni mayi woyandikana nyumba ndi bambo aakulu, kuti akawauze kuti mng'ono wawo wanena, wanena ndithu, abwere. Yankho linabwera pa 27 Meyi, lakuti miyendo ikawalola abwera mwezi ukatha. Bambo anamwalira Lamulungu, pa 2 Juni, nthawi ili 11:20 m'mawa. Bambo aakulu anafika Lolemba.

Koma Lachinayi lija sitinkadziwa zimenezo. Mphindi zisanu zitakwana, makaniko anazimitsa injini monga tinapanganira. M'chipinda munangoti zii. Kunja chitsulo chotentha chinkathetheka pang'onopang'ono pozizira. Bambo anakoka ngodya ya bulangeti ndi dzanja lamanzere, natambasula mkono mpaka pampando paja, n'kuyamba kupukuta fumbi pokhalira, maso ali kukhomo.