Lily Atuluka Panja

Juliana anakhala m'chipinda cha dokotala, Lily ali pamiyendo. Mwanayo anali ndi zaka zisanu koma ankapepuka ngati wa zaka zitatu, ndipo akamapuma m'chifuwa munkalira ngati mluzu.

A Kaitano, dokotalayo, anatambasula pepala la zotsatira za magazi lomwe linachokera ku Blantyre.

"Mayi, mwanayu amasewera kuti?"

"M'nyumba."

"Nanga panja?"

"Satuluka. Chimwalirire mkulu wake, zaka ziwiri tsopano."

Mkulu wakeyo, Elisha, anabanika ndi mphumu akusewera pabwalo, nyengo yomwe fumbi ndi utsi wa nzimbe zowotcha zimakuta dera lonse la Katunga. Anatsirizikira panjinga, asanafike kuchipatala. Atachoka kumanda, Juliana anatseka mazenera ndi makatoni. Lily nayenso anali ndi mphumu, ndipo amayi ake sanamulolenso kudutsa pakhomo.

"M'magazi mwake vitamini D ndi wochepa kwambiri," anatero a Kaitano. "Thupi limamupanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa. Akachepa, mapapo amatha kulusa msanga. Kafumbi pang'ono, njira za mpweya zatupa. Si chokhacho ayi, koma mwina chikuwonjezera." Anamwetulira. "Dzuwa la kuno lomwe tonse tikulithawali, inu mwalisowa?"

Juliana sanaseke.

"Ndiye kuti ndamudwalitsa ndine?"

"Ayi, mayi. Inu mumamuteteza."

Juliana anadikira kuti misozi ibwere, kapena mkwiyo, koma palibe chinabwera. Anangomva mawu a dokotala ngati akuchokera kutsidya kwa Shire: mapiritsi awa, mazira ndi nsomba, dzuwa la m'mawa fumbi lisanadzuke, mankhwala opopera mkamwa asamatalikire.

"Takhuta," Juliana anathokoza m'Chisena, n'kubereka mwana.

Kunyumba mwamuna wake Rodgers anafunsa, "Ati bwanji?"

"Ati azituluka."

Rodgers anangotenga khasu n'kupita kudimba.

Kutacha, Juliana anawaza madzi pabwalo lonse, naimirira pakhonde atafumbata mankhwala opopera aja. Lily anasuzumira pakhomo.

"Amayi, simundikalipira?"

"Tuluka."

Mwanayo anaponda pansi mosamala, akutsinzina chifukwa cha kuwala. Kuseri kwa mpanda ana a anansi ankadumpha chingwe, ndipo mmodzi anamukodola. Lily anayenda mpaka pamtengo wa nimu, anatsokomola kamodzi, natembenuka kuyang'ana amayi ake.

Juliana sanamuitane.